Pulofesa Wopima Mwala

Ndili pa benchi kuchipatala. Mwana wanga Tiyamike ali m'kati, matenda ayamba koma khanda lakhala mopingasa. Anamwino akufuna munthu wosaina pepala la opaleshoni.

Akutulukira pulofesa wa kuyunivesite, amene akuti anaphunzira malamulo a Aroma akale pamodzi ndi malamulo a chipatala. Wafunda nsalu ya pabedi ngati anthu a m'sewero la Pasaka kutchalitchi kwathu, ndipo wasenza chimwala cholembedwalembedwa.

"Mayi, kwa Aroma amasaina ndi bambo wa banja," akutero.

"Bambo ake a Tiyamike tinaika kalekale, achimwene. Kodi Aroma anuwo anaberekapo?"

Iye akuika chopimira mtima pamwalapo, n'kumamvetsera. Akuti mwala sunavomere. Zaka zonsezo pasukulu, kukaphunzira kupima mwala! M'katimo Tiyamike akukuwa, "Amayi!"

Ndikumulanda cholembera, koma chasanduka chinangwa. Basi ndikunyowetsa chala ndi malovu, kuchipaka dothi, n'kudinda papepalapo. Pomwepo khanda likulira. Pulofesa uja akusamba m'manja m'beseni la matewera, akuti tidikirebe.

Ndadzuka kutulo ndikumutsonyabe, kenako ndagwada kuthokoza Ambuye pondipatsa chala. Mwezi wa Tiyamike ndi uno, ndipo ndikamuperekeza ndekha.