Nkhope ya mkamwini pa zenela la tchalitchi

M'zaka za Fedeleshoni, nditangokwatila kumene, ndinkakhala pachikamwini m'mudzi wa mkazi wanga ku Luembe. Akhristu a kumeneko tinamanga katchalitchi ka njelwa, ndipo wansembe wathu, mzungu wodziwa kujambula, anaitanitsa magalasi amene tinakawasenza pamutu kuchokela pa Nyimba. Anali magalasi wamba. Iye ankalembapo mizele yakuda yokhuthala, n'kupaka penti wofiila, wabuluu ndi wachikasu pakati pake, kuti dzuwa likawomba oyela mtima aziwala.

Tsiku lina ndikusema mabenchi, anandiuza kuti ndiime osagwedezeka. Ndinaima, iye akujambula papepala. Ndinkayesa akufuna kuona mmene timagwilila kasemasema.

Lamulungu lodalitsa tchalitchi, atachotsa nsalu pa mazenela, Yosefe Woyela wa pa zenela lina anali ine. Mphumi yanga, makutu anga, ngakhale chipsela cha pachibwano. Ndipo zenelalo linali mbali ya azimai, moyang'anizana ndi pamene apongozi anga, amai a mkazi wanga, ankagwada.

Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso. Tikakumana panjila, ine ndinkapatukila kuthengo mpaka adutse. Tsono lelo ndinali nditaima pamwamba pao, maso gwa, dzuwa likuthila mitundu ya nkhope yanga pa mikono yao. Apongoziwo anafunda chitenje kumutu n'kutuluka chowelama.

Panja alamu anga sanandisiye. "Alamu, poti mwafika kale kumwamba, tipempheleniko mvula!"

Anthu anaseka. Ine ndinkayang'ana apongozi, amene anali atakhala pansi pa mtengo, kolona m'manja. Kuyambila pamenepo Misa ankaimvela pomwepo, ngakhale mvula itayamba. Mai amene sankajomba ku Ukalistia anasiya kulandila chifukwa cha nkhope yanga. Kupepesa sindikanatha, poti sitinkalankhulana. Kwa wansembe ndinapitako, koma nditaona mmene ankakondwela ndi zenela lake, ndinangofunsa za misomali n'kubwelako.

Mkazi wanga ndiye anapita kukamuuza wansembeyo, ine ndili m'mbuyo ngati mwana.

"Bambo, amai sangagwade pamaso pa mkamwini wao."

"Koma uyo ndi Yosefe Woyela, amai."

"Bambo, Yosefe ameneyo ndimamuchapila malaya ine."

Makutu a wansembe anafiila. Ndinaona kuti manyazi amugwila nayenso, ndipo anga anakula. Sabata yomweyo anatsitsa galasi lija. Anaika ndevu zoyela zophimba chipsela, anachotsa tsitsi pamutu, n'kulemba makwinya m'masaya.

Lamulungu apongozi anaima pakhomo, mkazi wanga atawagwila dzanja. Anasuzumila nthawi yaitali. Kenaka anati, "Agogo awa sindiwadziwa," n'kukagwada pamalo pao. Tsiku limenelo analandila.

Apongozi anatisiya kalekale, ndipo mkazi wanga anawatsatila. Zenela lilipo, penti wabuluu yekha ndiye anasuluka. Adzukulu anga amati agogo a pagalasiwo tsopano ndine ndendende, ndevu ndi dazi lomwe. Mwina n'zoona. Ine ndimagwada mbali ya amuna, kumbuyo, ndipo kumene kuli zenelalo, kumene apongozi ankagwada, sindiyang'anako.