Msewu Umene a Wailesi Ankauzemba

Dzina loti a Wailesi anawapatsa ndi anamwino, ndipo sanalakwitse. Bambowa ankatsegula pakamwa m'mawa potulutsa galimoto pageti la chipatala, n'kudzatseka madzulo poimika. Ntchito imene anawalembera inali yoyendetsa basi. Galimotoyo inali yoyera, yaitali, ndipo mkati mwake munali kabedi kokhala ndi popondetsa miyendo, nyali yopindika khosi, katani yobiriwira, ndi kabati ya magolovesi, thonje ndi mabotolo a viniga. Inkazungulira m'misika ndi m'mabwalo a sukulu kukayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'mawere. Padenga pake panali chimkuzamawu.

Chimkuzamawucho poyamba chinali cha namwino wina wachitsikana, wamawu ngati a kamwana ka mphaka, amene ankawerenga uthenga papepala anthu n'kumangopitiriza kusankha tomato. Tsiku lina mtsikanayo anasasa mawu. A Wailesi anati, “Tabweretsa kuno, mwanawe,” ndipo sanabwezenso.

Pakamwa anali napo kuyambira kale. Ali mnyamata ankaima pakhomo la sitolo ya nsapato kuitanira anthu, moti wina ankatuluka ndi nsapato chonsecho anangolowa kudzabisala mvula. Kenako anaphunzira kuyendetsa, nagwira lole ya buledi zaka zambiri, mpaka msana unakana makireti. Kuchipatala anafika imvi zitayamba kale, mawu oti chiberekero asanawatchulepo chibadwire. Koma posakhalitsa ankawatchula ngati akunena za tayala.

“Amayi, amayi, tasiyani kaye tomatoyo, sathawa! Kuyeza sikupweteka, ndipo woyeza ndi mayi mnzanu. Ine ndimangoyendetsa, sindisuzumira!”

Amayi ankaseka, ena n'kubisa nkhope, koma ankabwera. Abambo okakamira akazi awo ankawatengera pambali, kuseri kwa galimoto. “Achimwene, njinga yanu mumaipititsa kokonza isanathyoke. Nanga mayi a ana anu ndi otsika mtengo kuposa njinga?” Zizindikiro zonse anaziloweza: chotupa m'bere, chikazi chonunkha, magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo, magazi obweranso pamene munasiya kale kusamba. Ankazinena pamsika wodzaza, nkhope ili gwa.

Msewu umodzi wokha ndi umene galimotoyo inali isanaupondepo. Nthawi zonse Sisitala, mkulu wa anamwinowo, mayi wojintcha wa magalasi olendewera pachingwe, akatchula dera limenelo, a Wailesi ankapukusa mutu.

“Kumeneko kuli maenje, Sisitala. Tikathyola masipuling'i, mudzandifunsa ine.”

Maenje analipo, koma osaposa a kwina. Chimene chinali mumsewumo ndi nyumba yawo, yachitseko chabuluu, ndi zenera limene akazi awo ankakhalapo tsiku lonse kusoka mayunifolomu a ana a sukulu.

Mukanawaona kunyumbako simukanakhulupirira kuti ndi munthu yemwe uja. Akalowa, ankavula nsapato, n'kukhala pampando wawo, ali phee, kumvetsera makina akulira. Akazi awo ankawakonda, zimenezo tinene poyera. Maso a mayiwo atayamba kufooka, bambowa ndiwo ankawalowetsera ulusi pasingano, atatulutsa lilime ngati mwana wophunzira kulemba. Koma za m'thupi awiriwa sankakambirana. Ana anabadwa, inde, anakula n'kuchoka, koma nkhani yake sinakambidwepo. Anthu akafunsa ntchito ya amuna awo, mayiwo ankangoti, “Amayendetsa galimoto ya chipatala,” n'kupondanso makina.

Loweruka lina a Wailesi ankafuna sizasi yoti adulire ndevu. Anafunafuna patebulo la makina, kenako anapisa dzanja m'katoni ya zidutswa za nsalu. Pansi penipeni anagwira kapaketi kofewa. Anali mapadi a amayi akamasamba, otsegula kale, otsala ochepa.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali ndipo anali asanabwere chaka chimenecho. M'nyumbamo munalibe mkazi wina. Ndipo ngakhale sanauzidwe, ankadziwa kuti akazi awo anasiya kusamba kalekale, pakuti zinthu zimenezi zinaleka kuoneka m'jumbo ya kusitolo mdzukulu woyamba asanabadwe. Mawu amene ankawafuula tsiku ndi tsiku anawamva m'mutu mwawo, m'mawu awoawo. Anabwezera kapaketiko pamene kanali, ndevu osadula.

Madzulo ake anayesa. Anatsokomola, nasuntha kapu ya tiyi.

“Mayi.”

“Ee, bambo?”

“Kodi... makinawa mwathira mafuta?”

“Ndathira dzulo. Si inu munagula?”

Mawa lake anayesanso, nathera pa nkhani ya denga lodontha. Tsiku lina anafika mpaka pa “kodi m'thupimu,” mayiwo n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi, iwo n'kumalizira kuti, “simukumva kuzizira?” Munthu wochititsa manyazi amuna anzake kuseri kwa galimoto! Tsopano anayamba kuona zimene ankaziphonya: kuti mayiwo amaima kaye n'kugwira m'chiuno akamadzuka pamakina, kuti nsalu ya pabedi ikuchapidwa kawirikawiri. Chakudya chinasiya kuwakomera. Ankadziwa bwino lomwe kuti nthenda imeneyi siyembekeza munthu kuti athetse kaye manyazi.

Pomaliza anapita kwa Sisitala, amene ankawerenga magolovesi kumbuyo kwa galimoto.

“Sisitala, pali mnzanga wina. Akazi ake anasiya kusamba kale, koma zikuoneka kuti magazi ayambanso.”

“Abwere tiwaone. Asachedwe.”

“Vuto ndi loti mnzangayo sanawafunse.”

Sisitala anavala magalasi, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

“Mnzanuyo pakamwa alibe?”

“Ali napo, Sisitala. Kungoti kunyumba sipagwira ntchito.”

“Ine munthu sindingamukoke pamkono, a Wailesi. Woyezedwa amabwera yekha.” Anatseka kabati. “Maenje aja anakwirira?”

A Wailesi anayang'ana pansi. “Ndingathe kuwazemba.”

Lachisanu lotsatira galimoto yoyera inakhota kulowa mumsewu wawo. Ana anaithamangira. Wometa wa pakona anatuluka ndi makina m'manja, wogulitsa makala anaimirira, ndipo onse anazindikira amene ali pachiwongolero. A Wailesi anatenga cholankhulira, thukuta lili kamukamu.

“Amayi, amayi...”

Mawu anatuluka opyapyala, moti namwino wachitsikana uja anawacheukira. Anayambanso. Ananena za pabwalo la sukulu pamene aimike, ananena kuti woyeza ndi mayi mnzawo. Nthabwala zonse zinawathawa. Atayandikira chitseko chabuluu anachepetsa liwiro mpaka galimoto inkachita ngati ikukwawa. Pazenera anaona mutu woweramira makina, uli ndi mpango wa akazi awo.

“Inu amayi amene munasiya kusamba kale, koma magazi abweranso,” anatero, maso ali kutsogolo. “Musati ndi ukalamba. Musati zitha zokha. Mwina si kanthu, koma bwerani akuoneni. Kunyumba kwanuko kuli anthu amene akudziwa, koma akusowa poyambira. Chonde bwerani.”

Mutu uja sunadzuke. Koma dzanja limene linkayendetsa nsalu linaima.

Pabwalo la sukulu amayi anabwera ambiri, ena chifukwa chongofuna kuona ngati analidi bambo ofatsa a kwa atelala aja amene amanena zoterezi. A Wailesi anaika mabenchi pamthunzi, natunga madzi osamba m'manja, maso ali kumsewu. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Mzere unafupika mpaka unatha. Anamwino anayamba kulongedza.

Apa bambowa anachita chinthu chimene anali asanachitepo. Iwo amene ankadzitama kuti galimoto yawo siifa panjira, anatsegula boneti, nalowetsamo mutu.

“Yatani?” anafunsa namwino wachitsikana.

“Ikumveka mwina mwake.”

“Koma simunailize n'komwe.”

“Iwe, bwezera nsalu pabedipo,” anatero Sisitala. “Galimoto ikafuna kupuma, imapuma.”

Anagwiragwira mawaya osalakwa, napukuta malo oyera kale. Mithunzi itatalika, anamva mapazi. Akazi awo ankabwera atavala diresi yawo ya maluwa imene ankaisungira maulendo, ali pakati pa amayi awiri oyandikana nawo nyumba.

“Ndaperekeza anzangawa,” anauza Sisitala mokweza, kuti aliyense amve. “Amaopa okha.” Podutsa pa amuna awo sanacheuke, anangonena chapansipansi, “Tsekani chibonetichi, bambo. Palibe chawonongeka.”

Analowa pomalizira, anzawo atatuluka. Katani inatsekedwa. A Wailesi anakhala pabenchi pamene amuna a eni ankakhala, ndipo anazindikira kuti benchilo ndi lolimba zedi. Zochitika mkatimo ankazidziwa mwa kumva: kachitsulo kotsegulira njira, nyali, thonje la viniga limene limayeretsa malo odwala kuti aoneke. Kwa ena zinkatha msanga. Kwa akazi awo zinatenga nthawi, ndipo ankamva mawu a Sisitala akufunsa, kufunsanso.

Mayiwo atatuluka anakonza mpango, naima pafupi nawo, akuyang'ana kwina.

“Akuti pakhomo pa chiberekero sakuonapo kanthu. Koma magaziwo akuchokera mkati, ndiye akufuna akaunike ndi makina kuchipatala chachikulu. Mupemphe tchuthi Lolemba.”

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewo adutse pakati pa awiriwa. A Wailesi anangoti, “Chabwino, mayi.”

Kuchipatala chachikulu sanali a Wailesi a chimkuzamawu aja, anali bambo wamba wa imvi wonyamula chikwama cha akazi ake. M'chipinda cha sikani, makina ounikira aja, munali mdima pang'ono. Woyezayo anapaka mafuta ozizira pamimba, nayendetsa kachipangizo, ndipo pakanema panaoneka zotuwatuwa ngati mitambo. Anaimitsa chithunzi, nayeza, n'kunena kuti khungu la mkati mwa chiberekero lakhuthala kuposa mmene liyenera kukhalira kwa mayi wa msinkhu umenewo. Sikani payokha sikanatha kunena kuti ndi chiyani. Tsiku lina anabweranso, adokotala anatengako kanyama kakang'ono mkatimo n'kukatumiza kokapima, ndipo anawauza kuti adikire.

Kudikirako kunali kowawa. Mayiwo anasoka mayunifolomu ngati sukulu zonse zikutsegulira mawa. Bambowo ankapita kuntchito, kufuula m'misika monga kale, koma Sisitala anaona kuti chakudya chamasana akumapatsa ana.

Atawaitana, anapeza dokotala wamkazi, wamng'ono kuposa mwana wawo, amene anatembenuza mpando kuti awayang'ane onse awiri. Sanapite m'mbali. Anati ndi khansa ya mkati mwa chiberekero. Anati zithunzi zikuonetsa ngati sinatulukemo, ndipo akachotsa chiberekerocho mwayi wochira ndi waukulu, ngakhale zenizeni adzazidziwa akadzapima chimene achotsacho.

“Mwachita bwino kubwera pano, amayi. Ambiri amafika mochedwa.”

“Chichotseni,” anatero mayiwo. “Ntchito yake chinamaliza.”

A Wailesi anagwedeza mutu pa chilichonse, anafunsa za tsiku la opaleshoni, anathokoza mwaulemu. Anatuluka bwinobwino, chikwama chili m'khwapa. Koma atafika pakhonde lalitali lopita kugeti, anakhala pabenchi, naphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka.

“Bambo, anthu akuona,” anatero akazi awo. “Wodwala ndine, wolira ndinu?”

“Ndimaopa, mayi.” Mawu anatulukira m'chipewamo. “Ndimaopa kutsala ndekha m'nyumba muja. Ndinaona kalekale, koma ndinangokhala. Bwenzi mutabwera msanga.”

Mayiwo anakhala pambali pawo, nawachotsa chipewa kunkhope, n'kuchiika pamiyendo pawo.

“Inenso ndimaopa. Mukuyesa ndimagona? Ndimangotseka maso kuti inu mugone. Ndiye ndifunsenitu. Ndili pano.”

A Wailesi anapukuta m'maso ndi chikhatho. Anawayang'ana akazi awo kumaso, ndipo mawu anatuluka onse.

“Magaziwo anayamba liti? Mumamva kupweteka pati?”

Mayiwo anayamba kufotokoza, kuyambira m'mawa umene anaona kadontho koyamba n'kudziuza kuti si kanthu. Anagwira dzanja la amuna awo n'kuliika pamene pamapweteka, m'munsi mwa mchombo, pakhonde la chipatala anthu akudutsa. Wokolopa atafika pabenchipo ndi ndowa yake, onse awiri anangokweza miyendo, nkhani n'kumapitirira.