Magazi a Mlendo m'Thupi la Amayi

Ndiyamba ndi kuyamika Mulungu, amene sanatisiye pamene abale anatitalikira.

Chaka chimenecho chiperoni chinaphimba phiri la Zomba kwa masabata, ndipo nkhuni za paini zimene amayi ankatsika nazo kuchokera ku Mulunguzi zinkangofuka utsi osayaka. Tinkakhala awiriwiri ku Sadzi, bambo atamwalira kale. Amayi anayamba kuonda, chakudya chikuwakanika, ife nkumati ndi zilonda za m'mimba. M'mawa wina anasanza magazi akuda m'beseni lochapira, nagwa pakhomo.

Kuchipatala anawalowetsa kapaipi kounikira kukhosi, napeza chotupa m'chifu chimene chinkachucha magazi. Anawaika diripi, nawaletsa kudya ndiponso kumwa mapiritsi opha ululu amene tinkagula kugolosale. Koma magazi m'thupi anali atachepa kwambiri, ndipo namwino anati pafunika wachibale adzapereke ake. Ndinayenda pansi kukafika kwa amalume ku Chikanda. Inali nyengo ya mphekesera za anamapopa, anthu akugona panja ndi zibonga. Amalume anandipatsa chinangwa chootcha, nati, "Mwanawe, magazi a munthu saperekedwa wamba. Ukudziwa kumene amapita nawo?" Ndinabwerera ndekha, mawawa akundinyowetsa.

Ndinatambasulira namwino kamkono kanga, iye anapukusa mutu. "Iwe msungwana, ako sangadzaze ndi kapu yomwe."

Ndinakakhala pakhonde pamene odikirira odwala ankayanika zitenje, fungo la sopo ndi mankhwala lili tho, ndikupemphera popanda mawu monga Hana m'kachisi. Pafupi nane panali mayi wina wa ku Jali, amene amuna ake anali atamwalira m'mawa womwewo, akudikira galimoto yonyamula maliro. Anandifunsa chimene ndinkalirira. Nditafotokoza, anamanga chitenje chake, nati, "Anga apita. Tiye, ako atsale."

Magazi ake anagwirizana ndi a amayi. Pamene ndinkatuluka kukamuthokoza, galimoto inali itanyamuka, ndipo dzina lake sindilidziwa mpaka lero. Chotupacho sichinachoke, koma amayi anadzuka, anandilembetsa sukulu yogonera konko, nandipereka m'manja mwa amayi amvano akumpingo asanagone tulo tawo tomaliza mvula itayamba. Miyezi imeneyo ndi imene inandikonzera moyo.

Inu mukuwerenga, Ambuye akusungeni, ndipo tsiku limene mudzakhale nokha pakhonde la chipatala, akukhazikireni munthu pambali panu.