Phulusa m'Thanki ya Amalume

Kuseri kwa nyumba ya amalume ku Chileka kunali chivundikiro cha simenti chokhala ndi zogwirira ziwiri zachitsulo, zadzimbiri, zopindika ngati makutu a poto. Masana chinkatentha moti munthu sakanapondapo wopanda nsapato, koma dzuwa likapendeka chinkafunda bwino, ndipo ine ndinkakhalapo ndi buku langa la masamu, ndege zikudutsa pamwamba pa malata. Kwa miyezi yambiri sindinadziwe chimene ndinkakhalira. Kwathu ku Lirangwe chimbudzi chinali dzenje, ndipo dzenje likadzadza tinkalifotsera, n'kubzalapo nthochi, n'kukumba lina. Zoti pansi pa chivundikirocho panali thanki yolandira zonse zochokera m'chimbudzi cha m'nyumba, palibe amene anandiuza, chifukwa pakhomo paja nkhani zotere sizinkatchulidwa.

Ndikulemba izi chifukwa nkhani ya thankiyo yakhala ikukambidwa mokhota kwa zaka zambiri, ndipo amene amaikamba kwambiri, msuweni wanga, mwana wa amalume, anali ndi zaka zinayi zokha pamene zinkachitika. Iye amati amayi ake, chifukwa cha umbuli wa kumudzi, ankathira phulusa m'chimbudzi chogejemula mpaka thanki inatsekeka. Ena amawonjezera kuti ankaponyamonso zitsononkho. Za zitsononkho ndi bodza la mkunkhuniza. M'nyumba muja chitsononkho sichinkadutsa pakhomo. Za phulusa ndi zoona. Koma dzanja limene linkathira phulusalo linali langa, ndipo ine, amene lero ndine mkulu wa mpingo, sindingapitirize kumvera nkhaniyi nditatseka pakamwa.

Amayi anandipititsa ku Chileka chaka chimene ndinalowa Sitandade 8. Zipani zambiri zinali zitangoyamba, sukulu za pulayimale zinali zitakhala zaulere, ndipo kwathu ana anachuluka moti tinkaphunzirira pansi pa mtengo. Mvula ikangoyamba, sukulu yaweruka. Bambo anali atamwalira. Amalume, amene anali kalaliki ku bwalo la ndege, anavomera kundisunga kuti ndilembe mayeso ndili pa sukulu ya denga. Mawu awo ndimawakumbukira monga anawanenera, iwo ataimirira pakhonde, amayi atakhala pamkeka: "Mlongo, mwanayu ndamulandira. Koma akandiwonongera chinthu, basi ya ku Lirangwe sisowa." Sikunali kuopseza chabe. Mwana wa amayi aang'ono, amene anakhalako ine ndisanapite, anabwezedwa chifukwa chopsereza wailesi, ndipo sukulu yake inathera pomwepo. Ndinkadziwa chimene chinkandidikira ndikabwezedwa: khasu, kenako banja.

Potsazikana pamsewu amayi anandigwira dzanja nati, "Usamadikire kutumidwa. Ntchito ya mwana wamkazi imaoneka itatha, osati ikuchitika."

Akazi awo a amalume, amene tinkawatchula kuti anti, anali munthu wosalankhulalankhula, wochokera ku Mdeka, ndipo sukulu anailekezera Sitandade 3. Amalume sankalola kuti zimenezo ziiwalike. Anti akaika foloko mbali yolakwika ya mbale, kapena akapereka moni kwa alendo atagwada mopitirira, amalume ankati, "Izi ndiye za ku Mdeka izi." Anti sankayankha ndi pakamwa. Ankayankha ndi polishi wofiira wa pakhonde, ndi makatani ochapidwa sabata iliyonse, ndi miphika yowala ngati kalilole, kufikira nyumba yawo inatchuka pamzere wonse uja kuti ndiyo yaukhondo. Dzina limenelo analigwirira ntchito zaka zambiri. Ine ndinkawaopa.

Anandipatsa ntchito ziwiri za m'mawa: kuwola phulusa pambaula ndi m'khitchini ya panja, ndi kutsuka chimbudzi. Mwana wa ku Lirangwe mukamupatsa ntchito ziwiri zimenezi pamodzi, mwamupatsa ntchito imodzi. Kwathu phulusa lonse la m'mawa linkapita kuchimbudzi. Limapha fungo, limathamangitsa ntchentche, ndipo ngakhale aphunzitsi a sayansi ankatilembetsa zomwezo m'kope. Choncho tsiku lililonse, a m'nyumba asanadzuke, ndinkakhuthulira m'chimbudzi mbale yodzadza phulusa, n'kukwecha, n'kugejemula, n'kuwonjezera ndowa ya madzi mpaka chizindikiro chonse chitachoka. Chimbudzi chinkayera mbee. Tsiku lina anti anasuzumiramo nati, "Uli ndi manja iwe." Ndinapita nawo kusukulu mawu amenewo ngati mphatso. Mpaka lero ndimakana kuti umenewu unali umbuli. Inali nzeru yolondola, koma ya dzenje.

Mvula itayamba, madzi a m'chimbudzi anayamba kuchedwa kutsika. Ankazungulira, n'kuima, n'kulira kukhosi ngati munthu wotsamwa, kenako n'kutsika monyinyirika. Udzu wozungulira chivundikiro chija unabiriwira kuposa wina wonse pabwalo. Kenako kunabwera fungo, poyamba madzulo okha, pambuyo pake tsiku lonse, fungo lolemera lolowa m'makatani ndi m'buledi. Ine ndinachita chimene mwana wophunzitsidwa bwino amachita fungo likakula: ndinawonjezera phulusa. La pakhomo litachepa, ndinkakapempha kwa amayi ena oyandikana nafe, ndikumati n'lotsukira miphika.

Amalume anakana kuitana galimoto yopopa. Ankati ikangoima pageti, mzere wonse udziwa za m'mimba mwathu. Anabwera ndi mankhwala a m'chitini ochokera m'tauni, onunkha kuposa fungo lomwelo, nawathira. Anadzudzula mmisiri amene anamanga nyumbayo. Anadzudzula mvula. Anadzudzula ngakhale ufulu watsopano, ati masiku ano chilichonse chikuchita chimene chafuna, ndi mapayipi omwe. Ife tinayamba kupempha dzenje la oyandikana nafe, tikumazemba kuseri kwa mpanda, pamene amalume ankadzigwira mpaka kukafika kuntchito, ndipo nkhope yawo ya m'mawa inali yosafuna moni.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinatsegula kabowo ka pakhoma la kuseri, pamene payipi imatulukira m'nyumba, n'kulowetsamo waya, ndikuganiza kuti ndikachotsa chotsekacho anti adzandiyamikiranso. Wayayo anapita pang'ono n'kuima. Nditamutulutsa, kunsonga kwake kunali phala lotuwa, lolimba, lokhala ndi timakala tating'ono takuda. Ndinalidziwa nthawi yomweyo. Ndinapukuta wayayo pa udzu, n'kumuponya m'chimanga.

Kuyambira pamenepo sindinakhalenso pansi bwinobwino. Phulusa ndinasiya kuthira, koma lakale silinasiye kukhala kumene linali. M'kalasi aphunzitsi ankafunsa funso, ine n'kuimirira ndisanamve funsolo. Nthawi yopuma ndinkathamangira kunyumba kukasuzumira ngati madzi atsika, n'kubwerera ndili wefuwefu, matope mpaka m'mawondo. Galimoto iliyonse yaikulu ikamveka pamsewu, ndinkathamangira kukasuzumira pageti. Zovala zanga ndinazilongedza m'jumbo n'kulibisa pansi pa bedi, kenako n'kuzitulutsa, kenako n'kuzilongedzanso. Kawiri ndinayamba kulemba kalata yopita kwa amayi, ndipo kawiri konse ndinalekezera pa moni. Ndinkapemphera kuti kugwe mvula yaikulu yokokolola zonse, osadziwa kuti mvulayo ndiyo inkadzadzitsa dzenje la miyala limene thanki imatayirako madzi ake. Kamodzi ndinafika pakhomo la khitchini kuti ndiulule kwa anti. Anandiyang'ana, ali ndi mpeni ndi anyezi m'manja, ine n'kufunsa ngati pali mbale zotsuka.

Patatha masabata awiri thanki inasefukira. Madzi akuda anatuluka m'mbali mwa chivundikiro, nadutsa pansi pa mpanda, nakaima pakhomo la oyandikana nafe. Bambo a nyumba imeneyo anafuula ali kwawo, osatchula dzina la munthu, koma mzere wonse unamva. M'mawa mwake amalume anapita m'tauni osadya kanthu.

Galimoto inabwera Loweruka dzuwa lili paliwombo, nthawi imene munthu aliyense amakhala pakhomo. Ana anaithamangira kuyambira kumsewu waukulu. Akuluakulu anapeza zifukwa zoimira pampanda: wina akuyanika zovala zouma kale, wina akufuna nkhuku imene sinasowe. Munatsika amuna atatu ovala maovolosi ndi majombo, ndipo wamkulu wawo anali bambo wamfupi, wa imvi, woseka ndi maso. Bamboyo anandiuza ine kuti ndizitunga madzi. Anatukula chivundikiro ndi mgwala, ntchentche n'kudzuka ngati utsi, anthu a pampanda n'kubwerera m'mbuyo, koma osachoka. Payipi yaikulu inayamwa madzi a pamwamba mosavuta. Kenako inagwedezeka, injini inasintha kulira, ndipo sinakokenso kanthu.

Bambo wa imvi uja anatenga nsungwi yaitali nailowetsa m'thanki. Sinapite patali. Anaigogoda pansi, ndipo tonse tinamva kuti yagunda chinthu cholimba. Ataitulutsa anayang'anitsitsa kunsonga, nayang'ana amalume.

"Bwana, pakhomo pano mumadya simenti?"

Anzake anaseka. A pampanda anaseka. Amalume sanaseke.

"Ili ndi phulusa ili, bwana. Thanki ili ngati mimba. Muli tizilombo timene timadya zonsezi kuti zisungunuke. Mukathira phulusa, mukathira mankhwala aukali, mwatipha, ndipo phulusalo limakhala pansi n'kugwirana ngati khoma. Nanga munapopa liti komaliza?"

Amalume anayang'ana kumwamba, ngati kuti yankho likubwera pa ndege.

"Chimangireni, eti? Aaa, bwana, thanki si manda. Imafuna kuzondedwa. Pakapita zaka zingapo muzitiitana isanalire yokha."

Mbali imeneyi msuweni wanga saikamba, ndipo ndikuilemba dala. Phulusa langa linatseka payipi, sindikukana, koma linagwera m'thanki imene inali itadzadza kale ndi zaka za kunyalanyaza. Ine thanki yanga, kwathu ku Lirangwe kumene ndinamanga, ndimaitsegulitsa mvula isanayambe, masana, ndipo amene akufuna kuonerera aonerere.

Koma tsiku lija amalume anamva mawu amodzi okha: phulusa. Anatembenuka, ndipo ngakhale funso lawo linali la onse, maso awo anali pa ine. "Amathira phulusa ndani?"

Ndinali nditanyamula ndowa. Ndikukumbukira chogwirira chake chikundidula zala, ndi madzi akutayikira pamapazi anga. Ndinaona msewu wa ku Lirangwe, ndinaona amayi akundilandira pakhomo osafunsa kanthu. Pakamwa panga panatseguka, ndipo sindikudziwa mpaka lero chimene chikanatuluka.

"Ndine," anatero anti, ali pakhomo la khitchini. "Kwathu timatero."

Amalume anatambasula manja kuloza kumpanda, ngati munthu amene mlandu wamukomera. "Mwamva anthuni? Ndamanga nyumba ya m'tauni, ndaikamo Mdeka!" Ananena zambiri, zina zosayenera kulembedwa ndi munthu wa udindo wanga, ndipo anazinena pamaso pa amayi onse aja amene kwa zaka ankabwera kudzafunsa anti kuti pansi pawo amapaka chiyani. Anti anaima osagwedezeka, akupukuta manja pachitenje. Bambo wa imvi uja anayang'ana zala zanga zotuwa ndi phulusa, nayang'ana za anti, nakhosomola pang'ono. "Amayi, si inu oyamba," anatero. "Iwe mtsikana, madzi abwere. Tisungunule simenti ya abwanayi." Anakumba ndi mafosholo, akutulutsa ndi ndowa, mpaka dzuwa linapendeka.

Sindinabwezedwe. Ndinalemba mayeso ndili ku Chileka, ndinasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo ndinafika Folomu 4, woyamba m'banja la amayi. Anti sananditchulirepo nkhani ya thanki, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka kumwalira kwawo. Kwa mwezi wathunthu sanapite ku msonkhano wa amayi a mpingo. Pamzere paja anawapatsa dzina lakuti Anaphulusa, ndipo linawakakamira.

M'mawa wotsatira tsiku la galimoto ndinadzuka nthawi yanga, n'kupita kukhitchini ndi mbale. Mbaula inali itawoledwa kale. Anti anali pabwalo, akudutsa pansi pa zenera la chipinda cha amalume ndi mbale yodzadza phulusa, akuyenda pang'onopang'ono kulowera kudzala. Atandiona anati, "Ntchito iyi yakuthera. Katenge buku." Anachita chimodzimodzi m'mawa uliwonse mpaka ndinachoka pakhomopo: ankadikira kuti amalume atsegule katani, ndiyeno n'kudutsa ndi phulusa lawo, manja atatuwa mpaka m'zigongono.

Ine ndinkakhala pakhonde ndi buku, mtima ukuwawa. Ndinkati andilanda ntchito chifukwa sakundikhulupiriranso, ndipo kudutsa pazenera kuja n'kofuna kuonetsa amalume kuti mwana wa mlongo wawo ndi waulesi. Sindinkatha kuona kuti bodza limene ananena pamaso pa anthu linkafuna umboni wa tsiku ndi tsiku, kuti amalume asadzakhale pansi tsiku lina n'kudzifunsa kuti ntchito ya phulusa inali ya yani. Ndinawasungira mkwiyo chaka chonsecho, ndipo tsiku lopita ku sekondale ndinawatsanzika ndi dzanja limodzi.