Kadontho Kofiira pa Voliyumu ya a Elifala

Pa Malomo palibe munthu wa makutu awiri amene sawadziwa a Elifala Kachiwanda. Anagwira ntchito m'chigayo zaka khumi ndi zisanu, mutu uli mbuu ndi ufa, ndipo anatulukamo ndi zinthu ziwiri: kompyuta yakale imene anagula, ndi chizolowezi cholankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa dambo. Kwa iwo, chinthu chosasokosera chinali chowonongeka.

Kuseri kwa nyumba anamangako kachipinda, m'makoma n'kukhomamo mathireyi a mazira, pachitseko n'kulembapo kuti situdiyo. Anthu anaseka, koma makwaya anayamba kubwera, poti ku Lilongwe n'kutali. Masipika amene ankamverera posakaniza mawu anali aja a pa ukwati, awiri, aatali kufika m'chiuno. Akawatsegula malata ankanjenjemera, agalu n'kusamukira kwa aneba, eni ake ali mwee kusekerera kuti ntchito ikuyenda.

Chaka china, chimanga chitalowa m'nkhokwe, kunabwera amayi a Chigwirizano a ku Dzoole. Pakati pawo panali mayi Faines, a zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu, amene akhala akuyambitsa nyimbo m'kwayamo chiyambire. Mawu awo anali atapyapyala, koma akangoyamba, tchalitchi chonse chinkati zii. Wapampando wa amayiwo, mayi Deborah, sanapite m'mbali.

“Bambo Kachiwanda, ife tabwerera mawu a amayi athuwa. Tikufuna atsale, adzukulu adzawamve.”

A Elifala anajambula, anasakaniza, m'situdiyomo nyimbo zinkagunda ngati mvula ya mu Januwale. Anapereka memori khadi monyadira. Patangopita masiku atatu, mayi Deborah anatsika pa kabaza nkhope ili ndwii. Anaika foni yawo patebulo n'kuyatsa. Munkamveka kiyibodi ndi ng'oma basi, amayi onse ali kutali ngati akuimbira m'chitsime. Mayi Faines ndiye munalibiretu.

“Amayi athu mwawakwirira ali moyo,” anatero mayi Deborah. “Ndipo kuwajambulanso sikutheka, chifuwa chawagoneka. Mawu awo ali m'makina mwanumu, kwina kulikonse kulibe.”

Manyazi anawagwira a Elifala mpaka m'mafupa. Anadzitsekera m'kachipinda kaja n'kuchita chimene ankachidziwa: kukweza voliyumu. Akakweza, mayi Faines ankamveka bwinobwino. Nanga vuto lili pati? Ali mkati mopukusa mutu, zonse zinangoti zii. Akazi awo, a Roza, anali atazula pulagi, lichero la mtedza lili m'manja.

“Bambo a Tikondwe, ndakuitanani katatu. Ine wamoyo, ndili pakhomo pano, simukundimva. Ndiye muimva bwanji nkhalamba yobisika m'mawaya? Kodi ku Dzoole kuli nyumba ya zimasipika ngati izi? Anthu amamvera pa tiwailesi ndi timafoni.”

A Elifala anapsa mtima, n'zoona, koma mawuwo anawabaya. Atatsitsa voliyumu mpaka pansi anamva zimene amayi aja anamva: ng'oma zili patsogolo, mayi Faines atamira. Phokoso ndilo linkawanamiza zaka zonsezi. Vuto lina linali lakuti masipika a pa ukwati aja, ukawatsitsa, ankangoti bububu osasiyanitsa kanthu. Sanapangidwire kunong'ona.

M'mawa mwake anawagulitsa kwa munthu woimbitsa m'maukwati, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Mu sitolo ya zoimbira, wogulitsa anathamangira kuwaonetsa masipika onyezimira, a timagetsi tothwanima. A Elifala anakana kumvera nyimbo za m'sitolomo. Anatulutsa foni yawo, mmene munali mawu a a Roza akudandaula za mbuzi imene inalowa m'dimba.

“Achimwene, lumikizani ichi. Mawu awa ndawamva zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Sipika yonama ndiigwira lero.”

Yoyamba inawasandutsa a Roza bambo wa ndevu. Yachiwiri inawabwezera ku utsikana, mawu otsekemera amene a Elifala sanawamvepo n'kale lomwe. Kenako wogulitsa, atatopa, analumikiza timasipika tiwiri takuda, tosaoneka bwino, tokhala kumapeto kwa shelefu. Mawu atangotuluka, a Elifala anacheukira kukhomo, kuyesa kuti akazi awo awalondola.

“Amenewa sakometsa kanthu, bambo,” anachenjeza wogulitsa. “Cholakwika chilichonse amachiika poyera.”

“Mangani omwewo.”

Pa Malomo anthu anaseka poona a Elifala atanyamula tikatoni tiwiri m'khwapa. Ena ankati bizinesi yagwa. A Elifala anangolowa m'situdiyo mwawo. Anasanja njerwa mpaka timasipika tija tinalingana ndi makutu awo, n'kuyeza ndi chingwe kuti mtunda wochokera pa sipika ina kufika pa inzake ufanane ndi wofika pamutu pawo. Atatero anaitana akazi awo.

“Mayi a Tikondwe, khalani pakhomopo muzilankhula monga mwa masiku onse.”

A Roza safuna kuwachonderera pa nkhani yolankhula. Anayamba za mtengo wa feteleza, nyimbo ikulira, amuna awo akutsitsa pang'onopang'ono mpaka anamva liwu lililonse osafunsa kuti “mwati?” Pomwepo a Roza anatenga kyutekisi wawo wofiira wopaka zikhadabo n'kudontheza pa kabatani ka voliyumu. Lamulo linakhala lomwelo: kupyola kadonthoko ayi.

Masiku asanu ndi anayi anagwira ntchito pa mulingo umenewo, makutu akuyabwa kufuna phokoso la chigayo. Anabweza ng'oma m'mbuyo, anachepetsa kiyibodi, mawu a mayi Faines n'kuwakokera kutsogolo. Nyimbo iliyonse ankaiyesanso pa foni, pa kawailesi ka kukhitchini, mpaka mu minibasi yodikira anthu pa siteji.

Lamulungu, mapemphero atatha, amayi onse anasonkhana pakhonde pa mayi Faines ku Dzoole. Odwalawo anawatsamiritsa kukhoma atafunda chitenje. Mayi Deborah anaika foni yomwe ija pampando n'kuyatsa, a Elifala ali chiimire pambali. Poyamba kunamveka kupuma kwa munthu wokoka mpweya. Kenako liwu lopyapyala lija linatuluka lokha, loyera, amayi ena n'kulilandira pambuyo.

Mayi Faines anadzutsa mutu. “Uyo ndine,” anatero.

Nthungululu zinang'amba mudzi. Mayi Deborah ankavina misozi ili chuchuchu, ndipo a Elifala, bambo wamkulu wa imvi, analira osabisa. Pamene phokoso linazilala, mayi Faines anawakodola. Mawu anali atawathera, anangonong'ona.

“Mwandifukula, mwanangu.”

A Elifala anamva kamodzi kokha, osafunsa kuti “mwati?”