Mayina Anayi a Amuna Anga

Chaka chomwe boma linaletsa kutulutsa chimanga kunja, amuna anga anapatsidwa mayina anayi osawapempha. Achinyamata ankawatchula shushushu, monga amatchulira anthu otumidwa ndi boma kukamvetsera za anzawo. Nkhalamba zomwe zinaona atsamunda zinkati kapirikoni. Aphunzitsi ankati kazitape, ndipo azimayi anzanga a pachitsime ankati mthirakuwiri, koma motsitsa mawu ndikatulukira ine. Munthu wakeyo mukanamuona! Bambo woti nkhuku ikalowa m'nyumba amachita kuipempha kuti ituluke.

Kwathu ku Mwase malire ali pafupi, ndipo tsidya linalo chimanga chinali pamtengo wabwino. Amuna a m'mudzi ankamanga matumba panjinga n'kudzera njira zachidule. Ife azimayi tinkawapempherera kutchalitchi, ndipo poti mlembi wa mpingo ndine, zopempha zonse ndinkawerenga ndine. Koma ulendo uliwonse ankapeza apolisi atakhala kale pamthunzi, akudya nzimbe. Katatu konse! Anthu anati apa pali wina akutigulitsa.

Tsoka la amuna anga linali chulu. Kunyumba kwathu netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa khola basi, ndipo iwo ankakwerapo m'mawa uliwonse kuimbira mwana wathu yemwe anali woyembekezera ku Chipata. Kumalire sankapita nawo chifukwa cha bondo. Mlandu unathera pomwepo.

Poyamba ndinkaseka. Ndinaleka tsiku la maliro a mnansi wathu. Amuna anga anapita kumanda ndi khasu lawo, koma okumba anzawo anawalanda mwaulemu n'kunena kuti, "Pumulani adada, mungatope, mawa muli ndi lipoti." Anabwerako malaya ali mbee. Kwathu mwamuna akakanizidwa kukumba manda, ndiye kuti akumuuza kuti ake adzakumba yekha. Zinandiwawa koopsa, ndipo ndisaname, nanenso ndinayamba kuchiyang'ana moipa chulu chija.

Ine pakamwa sindinabwereke kwa munthu. Ndinakwera minibasi mpaka ku boma, ndipo pamsika ndinapeza wamkulu wa apolisi aja akusankha tomato. Tinkadziwana, ankapemphera nafe, benchi lachiwiri kutsogolo.

"Monile amama," anatero.

"Monile wanuyo musunge. Ndiuzeni, amuna anga mumawapatsa chiyani kuti azikuululirani za anzawo?"

Bamboyo anaseka mpaka tomato kugwa pansi. "Amama, ife shushushu timufunilanji? Timangobwela ku tchalitchi. Inu mumawelenga bwino, mawu omveka mpaka panja."

Mayo ine! Ndinakumbukira timapepala tomwe azimayi ankandipatsira pakhomo la tchalitchi. "Tipempherere abale athu omwe anyamuka Lachitatu m'mamawa, Mulungu awatsogolere panjira ya kudambo." Ndipo ine, pofuna kuti pemphero likome, ndinkathiramo mchere wanga: njinga zisanu ndi imodzi zonsezo zisaphulike matayala, pakuti katundu ndi wolemera. Tsiku, njira, chiwerengero cha njinga, zonse ndinkapereka ndi manja awiri. Mpingo wonse n'kuvomera ameni, bwana uja naye ameni.

Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga akusenda mtedza pakhonde. Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, ndikudikira kuti andikalipire kamodzi m'moyo wawo. Iwo osadabwa n'komwe.

"Ndinadziwa pa ulendo wachiwiri," anatero. "Ndinatsegula diso limodzi popemphera, ndinaona bwana akulemba padzanja."

"Nanga osanena bwanji, bambo inu? Mpaka kukulandani khasu?"

"Ine ndili ndi bondo, sindiyendayenda. Inu mumapita kuchitsime kawiri pa tsiku. Mayina anayi onsewa mukanawasenza pamodzi ndi ndowa?"

Ndinangotapa mtedza n'kuyamba kusenda nawo.

Lamlungu ndinawerenga zolengeza zonse mwadongosolo, za msonkhano wa amayi, za kusesa panja, za kwaya. Kenako ndinapinda pepala. "Cholengeza chomaliza. Shushushu uja wapezeka. Sali pachulu ayi, waima pano pamaso panu, ndipo malipoti munkamulembera ndinu nomwe." Ndinafotokoza. Mayi wina kumbuyo anaphulika ndi chiseko, ndipo onse anatsatira, ngakhale omwe analandidwa matumba. Bwana uja anangoweramira m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka.

Mayina anayi aja anasamukira kwa ine tsiku lomwelo, ndipo sanachoke. Mpaka lero ndikatulukira pachitsime wina amati, "Khalani chete, boma lafika." Ndimawayankha zowakwana, sindisowa.

Maliro otsatira atachitika, amuna anga anabwerako ali dothi mpaka m'makutu, akutsimphina, bondo litatupa. Malaya amenewo sindinalole mwana aliyense kuwagwira. Ndinachapa ndekha.