Diso la Tamala

Ndikamva fungo la fodya wamuwisi, chimene chimandibwelela ndi diso la Tamala, mng'ono wanga, lofiila ngati phwetekele. Kunali kwathu ku Magodi, m'zaka za m'ma 90, nyengo ija mvula siikata, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, wowawa woti ngakhale usambe ndi phulusa umaumvabe pa chimanga chowotcha. Tinkaswela m'chigafa kusoka masamba, tikuimba nyimbo za ku Sande sukulu, Tamala akulakwitsa mawu dala kuti tiseke. Anali ndi pakamwa mwana ameneyo, ngakhale abusa ankamudziwa! Ndiye tsiku lina powelama, nsonga ya mkangala, ndodo yopachikila fodya, inamulasa m'diso lakumanzele, iye n'kutikita ndi manja automoniwo.

Kunacha diso litatupa, timitsempha ta magazi tikulowela pakati. Adada anafuna kumukweza panjinga kupita ku Boma, koma mitsinje inali itadzala, fodya nayenso akupsa m'munda. Ankhazi, alongo awo a adada, anati ndi magazi oipa athamangila m'diso, angofunika kuwatsegulila njila. Anamutema mphini ndi lezala pafupi ndi khutu, amama atamugoneka pamiyendo. Magazi atatsika tonse tinapuma. Kufiila kunayambadi kuchepa, ndipo n'chimene chinatinyenga, za chipatala zinaiwalika. Pamene tinkamanga mabelo a fodya, pakati pa diso panali pataoneka kanthu koyela ngati dontho la mkaka.

Njila zitauma amama anapita naye kuchipatala, ine ndikunyamula kamba. Anesi anaunika nthawi yaitali, kenako anati, “Magazi aja sanali oipa, amama. Anabwela kudzasoka chilonda. Koma chilonda chikakhalitsa amasoka chigamba chokhuthala, kuwala sikudutsanso. Mukanabwela kale.” Amama anangothokoza kuti yewo, n'kumubeleka mwana woyenda yekha, miyendo ikulendewela mpaka m'mawondo mwawo.

Chigafa chija chinagwa, ankhazi anapita, Mulungu awasunge, ankamukonda Tamala kuposa tonsefe. Mphini zija zinafufutika, koma dontho lilipobe. Lelo ali ku Mphamba ndi ana ake, pakamwa ndi pomwe paja. Tikamapita kutchalichi ndimayenda kumanzele kwake, ndipo ndikakhala chete pang'ono amatambasula dzanja osatembenuka, amvekele, “Akulu, mulipo?”